Bedi la m'mwamba ku esiteti

Nyumba imene anatipatsa ku esiteti ya fodya, kupitirira Nsaru, inali ya chipinda chimodzi. Ukangotsegula chitseko ndiye kuti waiona yonse. Makoma anali a mitengo yomata dothi, denga la udzu, zenera panalibe. M'menemo tinalowa abambo, amayi, ine mwana woyamba, alongo anga awiri aang'ono, ndi khanda lomwe linali kumsana.

Kwathu ndi ku Nkhotakota. Abambo sanali mlimi ayi. Ankagwira ntchito pa boti la injini lonyamula anthu ndi katundu, ndipo yawo inali ya matabwa: kumata polowa madzi, kuchotsa thabwa lowola n'kuikapo lina. Mwini wake ataligulitsa botilo, abambo anakhala manja lende mpaka kunabwera lole yofuna matenanti. Tinakwera ndi mphasa, mapoto ndi bokosi la zipangizo zawo.

Masiku oyamba tinkagona mmene amagonera matenanti onse. Amayi anamanga chingwe pakati n'kupachikapo chitenje. Uko kunali kwa makolo ndi khanda, uku kwa ife atatu pamodzi ndi thumba la chimanga, makasu ndi ndowa. M'mawa unkadzuka phazi la mnzako lili pakhosi. Sindinganame kuti ndinkaona ngati ndi mavuto. Ndinali mwana, ndikagona ndagona.

Vuto linali ineyo. Thupi linali litayamba kusintha, ndipo amayi anaona zimenezi ine ndisanazione. Tikanakhala kwathu, nkhani ikanakhala yaifupi, ndikanangosamukira kwa amayi aakulu, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa yathu. M'midzi yozungulira esitetiyo atsikana amsinkhu wanga ankagona ku gowelo kapena kwa agogo awo. Ife tinalibe wachibale kumeneko. Pamzere wa matenanti nyumba zonse zinali zofanana ndi yathu, ndipo atsikana okulirapo simukanawapeza: ena anabwezedwa kwawo, ena anakwatiwa msanga. Abambo atapempha kuti amange kanyumba kena pambali, kapitawo anakana. Anati malo onse ndi a fodya, ndipo zinalidi choncho, mizere inkafika pakhonde penipeni.

Tsiku lina tikuthirira nazale, amayi anayamba nkhaniyo ine ndili pomwepo, ngati kuti ndine ndowa.

"Abambo ake, mwanayu akukula. Tingomutumiza kwa amayi ake aakulu, azikaphunzira konko."

"Mwana wanga sapita kulikonse," anatero abambo. "Malo alipo."

"Ali kuti malowo?"

"M'nyumba muja, m'mwamba mukugona ndani?"

Amayi anangopitiriza kuthirira. Ankadziwa kuti nkhani ya boti yayamba. Abambo anali ndi khalidwe limeneli, chilichonse ankachiyerekeza ndi boti, mpaka ife ana tinkatsinana akangoti "tili panyanja". Ankati kachipinda ka m'boti lawo kanali theka la nyumba yathuyi, koma munkagona amuna anayi, katundu wawo ali momwemo, popanda wina kuponda mnzake. Ankati vuto la anthu a kumtunda ndi lakuti amangoyang'ana pansi.

Ine sindinkafuna kupita. Amayi aakulu sanali munthu woipa, koma anali ndi ana awo ambiri, ndipo ndinkadziwa mmene mwana wobwera amadyera. Choncho tsiku limenelo ndinaimvetsera nkhani ya boti mpaka kumapeto.

Pomanga bedilo, abambo sankagwiritsa ntchito tepi yoyezera. Anatigoneka pansi mmodzimmodzi n'kulemba ndi khala pothera mutu ndi pothera mapazi. Ine anandikhazikanso tsonga, n'kupima ndi kamtengo kuchokera pansi kufika pa liwombo, kuti adziwe mpata woti asiye pansi pa denga. Pa boti bedi silikhala ndi miyendo, amalikhomera kukhoma. Anayesa zomwezo, koma msomali unangolowa ngati m'phala, dothi n'kugumuka chigamba chonse. Anatukwana nyumbayo pamodzi ndi amene anaimanga. Kenaka anakumba maenje n'kuzika mitengo ya bulugama, ataipaka oyilo wakutha kuopa chiswe.

Matabwa anakapempha kwa ocheka, aja a m'mbali okhala ndi makungwa omwe iwo amataya, ndipo posinthana anawakonzera chitseko. Misomali inali yochepa, choncho mwambiri anamanga ndi chingwe, mfundo zake za kunyanja zomwe ukazikoka zimangolimbirako. Bedi la pansi linali la anyamata, lofika m'mawondo, kunsi kwake kukulowa thumba la chimanga ndi makasu. La m'mwamba linali langa. Makwerero anakana, ati amadya malo, m'malo mwake anasema popondera pa mtengo umodzi. Anang'amba matumba a feteleza, amayi n'kusoka katani. Pomaliza anakhoma thabwa m'mphepete mwa bedi langa.

"Nanga ilo ndi la chiyani?" anafunsa amayi.

"Kuti mafunde akabwera asagwe."

"Mafunde ake ati ku Nsaru kuno?"

Analikhomabe.

Anthu a pamzere anabwera kudzaona. Ankalowa awiriawiri chifukwa atatu sakanakwana. Wina anafunsa ngati tamanga nkhokwe ya ana, wina anati limeneli ndi khola la nkhunda, tsopano kwatsala kuti mwanayo aphunzire kuuluka. Abambo ankaseka nawo, koma maso awo ankaoneka kuti akudikira wina anene kuti ntchito ndi yabwino. Bambo mmodzi anapempha kuti akamumangire lotere, mkazi wake n'kumukoka malaya.

Ine ndinalikonda bedi limenelo. Anali malo oyamba m'moyo wanga oti ndi anga ndekha. Ndikakoka katani, palibe ankandiona. Mvula itayamba abambo anaika pulasitiki pansi pa udzu, ndipo madontho ankamveka pafupi kwambiri ndi nkhope koma osandinyowetsa. M'mwambamo munkatentha, nthawi zina buluzi ankandigwera, utsi wa koloboyi unkathera kwa ine, koma sindinadandaulepo. Amayi anasiya kutchula za ulendo. Fodya anakula, tinapalira, tinathira feteleza, tinadula mitu. Ndinkapita kusukulu masiku omwe kumunda kunalibe changu, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani ija inatha.

Ndinatha msinkhu nthawi yothyola fodya. Mwa mwambo mayi salangiza mwana wake, choncho amayi anaitana azimayi awiri. Wina anali wa pamzere pomwepo, wina anali wachikulire wa m'mudzi woyandikana nafe, yemwe tinkagulako masamba. Anandikhazika kuseri kwa nyumba n'kundiuza zambiri, zina zosayenera kulemba. Limodzi mwa malamulowo linali lakuti kuyambira tsiku limenelo ndisalowenso kuchipinda kwa makolo, ndisakhudze zofunda za abambo. Ndinavomera, ndikuwomba m'manja monga anandiuzira. Sindinaganize n'komwe kuti kwathu chipinda cha makolo ndi nyumba yonse.

Atamaliza, mayi wachikulire uja anafunsa, "Kodi mwanayu amagona kuti?"

Amayi anawalowetsa. Mayi wachikulireyo anaima pakati, n'kukweza maso.

"Atate ake pansi, iye m'mwamba? Alongo ake kunsi kwake, eti?"

Abambo anaitanidwa kuchokera kuchigafa, manja ali akuda ndi utomoni wa fodya. Anakhala chapatali monga achitira amuna pa nkhani zotere, ndipo analankhula mwaulemu. Anati mwanayo ali ndi malo akeake, pali katani, palibe amaona mnzake.

"Nsalu si khoma, atate," anatero mayi wachikulire uja.

"Ndiye ndimanga khoma."

Ndipo analimangadi. Masiku amenewo ine ndinkagona kwa mayi wa pamzere uja, chifukwa amuna awo anali atasamukira kuchigafa kukalondera fodya, koma aliyense ankadziwa kuti fodya akauma abwerera. Inali nthawi imene tenanti sapuma, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala. Abambo ankaba nthawi masana, kapitawo n'kumawakalipira, amayi n'kumasoka okha mulu wa anthu awiri. Anadula bango kudambo, n'kutchinga bedi langa mbali zonse za m'kati kufika kudenga, n'kumata dothi. Kenaka anaboola khoma la kunja, m'munsi mwa udzu, n'kuikapo kachitseko kokwana munthu wokwawa, ndi makwerero a kunja. Anati pa boti ndi mmene amachitira, aliyense amalowera pake. Kunena zoona, inali ntchito yooneka bwino. Kachitsekoko kankatseguka osalira, pamene chitseko chachikulu cha nyumbayo chinkafuna phewa.

Azimayi aja anabweranso. Abambo anawazungulitsa nyumba, kuwaonetsa kuti m'kati mulibe polowera, kuti mwana sadzapondanso pamene pagona makolo. Mayi wachikulire anagwira makwerero, anawagwedeza, anasuzumira m'mwamba.

"Manja muli nawo, atate, zimenezo sitikana," anatero. "Koma denga ndi limodzi. Komanso tandiuzeni, khomo ili mukagona mumaliona?"

Abambo anayang'ana kachitsekoko.

"Pa esiteti pano anyamata aganyu ndi angati? Mwawakhomera ndi makwerero omwe."

Mayi wa pamzere anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa. Amayi anangoyang'ana pansi. Ndikukhulupirira kuti iwo anali ataziona kale zimenezi, kungoti anasiya kuti anene ndi wina. Abambo anatsegula pakamwa, ndipo ndinadikira nkhani ya boti, koma sinabwere. Pa boti kunja kwa khomo kumakhala madzi okhaokha, ndipo pa miyezo yawo yonse, zoti kuno kunja kumayenda anthu sanaziwerengere.

Ndinawada azimayi amenewo zaka zambiri. Panopa ndili ndi ana anga aakazi, ndipo za makwerero zija ndimawavomereza. Za denga ndimakayikabe. Anabwera ndi lamulo la anthu okhala ndi magowelo ndi agogo pafupi, n'kuligwetsera pa anthu a chipinda chimodzi, ndipo palibe mmodzi wa iwo anati mwanayu azidzagona kwathu nthawi zonse. Mwina amayi akanakana, sindikudziwa. Koma sanafunsidwe.

Abambo anafunsa ngati angatseke la kunja n'kutsegulanso la m'kati, chitseko chikhale chamatabwa. Anayankhidwa kuti ndiye tabwerera pomwe tinayambira. Madzulo ake amayi anabwereka foni n'kuimbira amayi aakulu. Abambo sanatsutse. Anatenga nyundo n'kuchotsa makwerero aja, n'kuwapereka kuti akhale nkhuni.

Panapezeka mayi wina wa kwathu yemwe ankapita kumaliro, ndipo anavomera kuti tiyende limodzi. M'mawa wa ulendowo amayi anandimangira zovala m'chitenje, anandiuza kuti ndikamvere, ndisakakhale waulesi kwa eni ake. Alongo anga anali atayamba kale kukangana kuti akwere m'mwamba ndani. Abambo anabwereka njinga n'kundikweza kupita kumsewu. Njira yonse ndinkangoona thukuta likutuluka pamsana pa malaya awo.

Titafika pokwerera minibasi anandiimika pafupi nawo n'kundiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Sunatalike kwenikweni," anatero.

"Ayi."

"Pomanga paja ndinawonjezerako chikhato chimodzi kumiyendo, kuti ukamatalika usadzapinde mawondo."

Mpata umenewo ndinkaudziwa. Ndinkasungapo makope ndi nsapato za kusukulu, ndipo ndinkaganiza kuti anausiyira zimenezo. Sindinawauze. Ndinali ndi chisoni, koma minibasi inali itaima, kondakitala akukuwa kuti tifulumire, ndipo ndinakwera.

Makolo anga anakhala pa esitetiyo zaka zingapo, kenaka anasamukira ku ina cha ku Kabudula, nyumba yake ya chipinda chimodzinso. Ine ndinamaliza sukulu kwa amayi aakulu, ndinakwatiwa kuchokera komweko. Ndikapita kukawaona pa holide, amayi ankandiphera nkhuku ngati mlendo, ndipo kukada ankandiperekeza kukagona kwa anthu ena.