Mchere wa Akoreya Pachilumba

Chaka chimene akazi anga anali ndi pakati kachiwiri, ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya ku Pembamoyo, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa zinthu. Mimba yoyamba inali itapita padera. Yachiwiriyi inabwera ndi nkhanza zake: chilichonse chimene mayiwa ankaika m'kamwa chinkabwerera. Phala, mbatata, nthochi, ngakhale madzi enieniwa. Miyezi imene anzawo amasiya kusanza inadutsa, iwo osasiya. Chibangili chimene kale chinkawathina chinayamba kutsetsereka mpaka m'chigongono. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo mantha angawo ankatuluka ngati ukali, moti ana a m'kalasi mwanga anavutika nane chaka chimenecho.

Tsiku lina akazi anga akuchokera ku sikelo anandipeza pakhonde nkunena kuti, "Aphunzitsi, lero ndamva njala."

Ndinaponya mabuku pansi. Anafotokoza kuti ku chipatala kunabwera Mkoreya wina kudzamangitsa bala. Masiku amenewo boma linali litabweretsa Akoreya angapo kuti aphunzitse anthu kulima mpunga m'madambo. Munthuyo podikira anatsegula kachitini ka chakudya, ndipo amayi onse pa benchi anagwira mphuno. Akazi anga okha ndiwo anadzadza malovu m'kamwa. Anati munali kabichi wofiira, wonunkhira mowawasa, koma manyazi anawagwira, sanapemphe.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita pa boma la Chadiza. Ndinalowa m'malesitilanti onse, ndipo sinali ntchito yaikulu chifukwa anali owerengeka. Paliponse ndinkafunsa za kabichi wofiira wowawasa wa Akoreya. Mayi wina wophika anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu nkuti, "Ngati mukufuna kabichi wowola, aphunzitsi, kudzala ndi kuseriku, ndipo ngwaulere." Ndinatuluka ndikutafuna mano. Zinali zaka zija za chipani chimodzi pamene m'masitolo munkakhala mashelefu okhaokha, sopo kulibe, mchere wa pamzere, ndiye ine nkumafunsa zakudya za kutsidya kwa nyanja.

Tchuthi cha Epulo chitafika tinapita kwawo kwa akazi anga, kupitirira ku Mlolo, kuti mwina mayi awo awasamale bwino kuposa ine. Kumeneko ndi kumene tinamva kuti Akoreya aja sali kutali. Ankakhala pakati pa dambo lalikulu, pa mtunda umene madzi ankauzinga mvula ikagwa, ndipo anthu ankangoti pachilumba. Anyamata a ngolo ankati kuli lesitilanti ya Akoreya, koma palibe amene anadyako. Anthu ankati alendowo amakwirira mitsuko pansi, ndipo ndi mankhwala amenewo amene ankabereketsa mpunga wawo.

Apongozi anga, mayi a akazi anga, analibe nazo ntchito za mitsukozo. Nkhawa yawo inali ina. Mwa mwambo wathu sankakhala pafupi nane kapena kundiyang'ana kumaso, choncho anakhala kuseri kwa nkhokwe nkumalankhula ndi mwana wawo mokweza kuti ine ndimve.

"Uwafunse amuna akowo, mchere wa m'kabichimo amathira ndani?"

Kwathu mchere suthiridwa chisawawa. Munthu amene akukhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake timati ngwotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo zimene wofooka adye, akuluakulu amati amamudula. Apongozi ankakhulupirira kuti mimba yoyamba ija inapita chifukwa cha ndiwo za pa boma zothira mchere munthu wosadziwika. Ine, munthu wa tchalitchi ndi choko, ndinayamba kuwiringula kuti zimenezo nzachikale. Akazi anga anandidula mawu.

"Ndikadya amayi asanalole, kenaka chichitike china, ndidzalira ndi ndani?"

Kuseri kwa nkhokwe kunachoka mawu akuti, "Akafunse. Si amadziwa Chizungu?"

M'mawa mwake ndinakweza akazi anga pa njinga nkumaikankha, apongozi akutsatira patali ndithu. Titatuluka m'tchire ndinaima chilili. Dambo limenelo ndinkalidziwa ngati malo a ng'ombe ndi matope, koma tsiku limenelo linali litadulidwa m'timinda ta ngodya zinayi, tofanana, madzi atakhazikika m'kati mwake mosapendekeka. Mpunga unali utawerama ndi kulemera, wachikasu uku, wobiriwira uko, mpaka pamene maso analekezera. Mphepo ikadutsa, dambo lonse linkagwada nkudzukanso. Akakowa anali mbuu m'mizere. Pakati pa zonsezo panali chilumba chija, mikuyu yake ndi nyumba ya malata. Sindinkadziwa kuti dothi la kwathu lomweli lingachite zotere, ndipo ndinavula chipewa osadziwa kuti ndikuvulira yani.

Ulalo wopita pachilumbapo unali utakokoloka. Ndinasiya njinga, nkupinda buluku, nkubereka akazi anga kumsana. Kupepuka kwawo kunandiopsa: munthu wamkulu, wapakati, koma ngati mtolo wa udzu. Apongozi anawoloka chakumtunda, atagwira chitenje m'mawondo, nkhope atayang'ana kwina.

Anatilandira mkulu wina wa imvi, wamfupi, atamanga nsalu m'chiuno. Anawerama. Ife tinaomba m'manja nkugwada pang'ono. Iye anaweramanso kwambiri, ife nkutsikanso, moti pakanapanda mnzake wachinyamata kutulukira, bwenzi tonse titagona pansi. Wachinyamatayo ankadziwa Chizungu chothyokathyoka. Anatiuza kuti pamalopo si pa lesitilanti, ndi khitchini yawo chabe, ndipo mkuluyo ndiye wophika. Nditafotokoza chimene tinadzera, mkuluyo anayang'ana manja a akazi anga, kenaka mimba, nkutikodola kuti timutsate.

Kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mkuyu, panali mitsuko ija, yokwiriridwa mpaka m'khosi, yovindikira ndi udzu. Inali mitsuko ya kwathu konkuno, youmba amayi a m'mudzi. Mkuluyo anagwada, nkutsegula umodzi. Fungo linandimenya m'mphuno mpaka misozi: adyo, tsabola, ndi kuwawasa kwina kosafanana ndi kwa thobwa kapena kwa bwemba. M'katimo munali kabichi wofiira ngati dothi la katondo, atasanjidwa bwinobwino. Wachinyamata uja anati amakwirira kuti kuzizira kwa nthaka kusunge ndiwozo, ndipo dzina lake linamveka ngati kimichi. Ndinamva akazi anga akumeza malovu. Pambali, pansi pa denga, panali thumba lathunthu la mchere, ndipo apongozi ankaliyang'ana ngati aona ndege itatera pabwalo.

"Afunsetu," anatero, akuuza mtengo wa mkuyu.

Funso lotere umalifunsa bwanji kwa munthu wa imvi, mlendo, pakhomo pake? Ndinayamba ndi chapafupi: amathira mchere ndani? Mkuluyo anadziguguda pachifuwa monyadira. Anati palibe wina amene amakhudza mitsuko yake. Ndiye ndinameza mpweya nkufunsa kuti, nanga akazi awo ali kuti?

Wachinyamata atamasulira, mkuluyo anavindikira mtsuko pang'onopang'ono. Kenaka analoza kum'mawa, dzanja lili m'mwamba, kusonyeza kutali kosayendeka. Analankhula nthawi yaitali, ndipo mnzakeyo anangotola pang'ono. Akazi awo anatsala kwawo. Chibwerereni sanawaone, ndipo sankadziwa kuti boma lawo lidzawalola liti kubwerera. Kaikidwe ka mchereka anawaphunzitsa ndi akazi awowo, ndipo akamathira amayesa ndi dzanja monga ankachitira iwo. Anamaliza ndi kunena kuti chifikireni m'dziko lino anthu amawafunsa za mpunga ndi feteleza basi, ine ndinali woyamba kufunsa za akazi awo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, maso ali jenjenje.

Ndinauza akazi anga m'Chichewa, iwo nkuuza mayi awo, ngakhale kuti apongoziwo anali atamva kale zonse. Kenaka apongozi anati, "Ngozizira bambowa. Koma kuzizira kwake nkomvetsa chisoni. Idya, mwanawe."

Tinavula nsapato pakhomo nkukhala pamphasa, mozungulira tebulo lalifupi ngati mpando wa ndalema. Ine ndinkayembekeza mbale imodzi ya ndiwo. Mkuluyo anayamba kubweretsa timbale: kabichi uja, soya womera woyera, nkhaka zothira tsabola, matemba okazinga onyezimira, masamba a mpiru, msuzi wotentha wa soya, ndi mpunga wa m'dambo lomwelo, womata, wonunkhira. Tebulo linadzaza mitundu ngati chitenje chatsopano. Zonsezo zinali zinthu za m'minda yathu, zimene ndinkaziponda tsiku ndi tsiku, koma sindinazizindikire. Kambale kalikonse ankakapereka ndi manja awiri, ndipo palibe Mkoreya amene anatola chakudya apongozi asanayambe, pakuti iwo ndiwo anali aakulu. Apongozi anali atakhala pakhomo, atatipatsa msana, ndiye anawapititsira timbale tawo komweko. Analawa kabichi, nakhosomola, nkunena kuti anthu awa ndi olimba mtima.

Timitengo tawo todyera tinandichititsa manyazi, ndinapempha supuni. Akazi anga sanadikire supuni. Anatola tsamba la kabichi ndi zala, nkulikulunga pa mpunga, nkuika m'kamwa. Tonse tinasiya kutafuna. Ine ndinali nditayang'ana kale pamene pali khomo, kuti akathamanga ndiwatsegulire njira. Anameza. Anatolanso lina. Thukuta linatsika pamphumi, mphuno ikuchucha, iwo osalabadira. Anamwa msuzi, nkutha mpunga, nkukankhira mbale kwa mkulu uja kuti awonjezere. Mkuluyo anaseka mokweza, ndipo apongozi, amene sanatembenukepo ine ndili pafupi, anatembenuka kuti aone mwana wawo akudya.

Tinakhala pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka, tikudikira kuti mwina zibwerera. Sizinabwerere. Potsanzikana mkuluyo anatipatsa kamtsuko kodzaza, nkutionetsa ndi manja kuti tikakakwirire pozizira. Apongozi anakalanda nkukasenza okha pamutu, mankhwala aja amene mudzi wonse unkawaopa.

Pa madzi paja ndinaberekanso akazi anga. Tili pakati, madzi ali m'ntchafu, ndinamva kanthu kakundigogoda pamsana, pang'ono chabe, ngati chala cha munthu wofuna kukufunsa njira. Ndinaima. Kanagogodanso.

"Mwamva?" anandinong'oneza akazi anga.

Ndinangoima m'madzimo ndikulira ngati mwana, mpaka apongozi anafuula kuchokera kutsidya, koyamba kulankhula ndi ine mwachindunji: "Bambo, tulukani m'madzimo, mundizizidwitsira anthu awiri!"