Pansi pa Windo la Fomu 4

Kwathu kumapiri a Dedza anthu anayamba kunditcha adokotala ndisanagwireko buku la udokotala ndi limodzi lomwe. Ntchito yanga inali ya zaumoyo m'midzi: kukweza ana pa sikelo, kuwadontheza katemera m'kamwa, kuyendera zitsime ndi zimbudzi, ndi kuimbitsa amayi nyimbo za kulera. Dzinalo linkandikoma, sindibisa. Koma ndikaperekeza wodwala kuchipatala cha pa boma n'kumva madokotala enieni akukambirana, ndinkangoima kukhoma chipewa chili kumanja.

Nditapitirira zaka makumi atatu, ndili ndi mkazi, ana ndi kadazi kongoyamba kumene, ndinaganiza zoti dzinali likhale langa zenizeni. Vuto linali satifiketi yanga ya Fomu 4. Chichewa ndi Baibulo zinali zonyaditsa, koma bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi zinangodutsa chokwawa, ndipo kusukulu ya udokotala salandira munthu chifukwa choloweza mafumu a m'Chipangano Chakale. Njira inali imodzi basi, kubwereza Fomu 4. Ndinakalembetsa naiti ku Mayani. Timangoti naiti, koma imayamba masana ana a m'mawa akaweruka.

Tsiku loyamba ndinafika mochedwa, thukuta lili kamukamu chifukwa chopalasa njinga pachitunda. Ndinakakhala kumbuyo kwenikweni, mawondo akukana kulowa mudesiki. Ndisanapume n'komwe, mtsikana wina anadzuka kutsogolo, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi ine.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

Anali mwana wa achemwali anga. Ndinkadziwa kuti akubwereza Fomu 4, koma mutu wanga sunafikeko poganiza kuti naiti ya ku Mayani ndi imodzi yomweyo. Kalasi yonse inafa nako kuseka. Kwathu malume si munthu wamba. Ndiye mwini mbumba, wolandira mawu mnyamata akadzafunsira mbeta, woweruza nkhani zikavuta pakhomo. Ndipo ndine ndemwe amene ndinakhala pampando kwa achemwali zotsatira zake zitatuluka, n'kumukalipira kuti sukulu si masewera.

Mphunzitsi wathu wa sayansi anali mnyamata wongochoka kumene kukoleji, waulemu wake, koma ulemu wakewo ndi umene unkandipha. Akafunsa funso ankati, "Tiyambe ndi akuluakulu." Ine n'kuimirira, n'kukanda padazi, n'kuyankha zakutchire. Kenako ankaloza ena. Akafika pa mwana wa achemwali, iye ankangoyang'ana pansi n'kunena chapansipansi kuti, "Sindikudziwa." Zinkatero nthawi zonse. Ndinafika pouza amayi ake kuti mwanayu ndi wa mutu wouma, ndipo mumtima ndinkapezako kachitonthozo kuti kusadziwa sayansi ndi kwa kumtundu.

Tinayenda choncho mpaka nyengo yozizira, mayeso atayandikira. Tsiku lina mphunzitsi analowa ndi chipepala chachikulu n'kuchipachika pabolodi. Chinali chithunzi cha ziwalo zoberekera, cha mwamuna uku, cha mkazi uku, chilichonse chili poyera. Anyamata anayamba kutsinana. Mphunzitsi anandiyang'ana mokondwa, poganiza kuti lero wandipezera poonekera.

"Abambo a zaumoyo, izitu ndi zanu. Bwerani mudzatilozere."

Zinalidi zanga. Kusikelo ndinkazifotokoza mosaphethira, amayi akuwomba m'manja. Koma kusikelo kunalibe mwana wa mlongo wanga. Kwathu nkhani zimenezi mtsikana amazimva kwa alangizi achizimayi, kuseri, osati pakamwa pa amalume ake. Ndinafika kutsogolo, ndinalandira kandodo, ndipo nditatembenuka ndinamuona atagoneka mutu padesiki, atadzifunditsa chitenje. Kandodo kaja ndinakatsitsa.

"Ndaiwala, aphunzitsi," ndinatero.

Phokoso la kuseka linamveka mpaka kumsewu. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Nanga ana kunyumbako anabwera bwanji, madala?" Mwana wa achemwali anatola chikwama chake n'kutuluka, osayang'ana munthu. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

M'mawa mwake mwanayo sanabwere, mkuja wakenso ayi. Loweruka achemwali anandipeza kudimba ndikupalira mbatata ya kachewere. Anakhala pamzere, n'kuyamba ndi za chisanu chimene chinawaula nyemba, kenako anafika pamutu pa nkhani.

"Achimwene, mwana uja akuti sukulu wasiya. Akuti sangakhale chipinda chimodzi ndi amalume ake zinthu zija zikutchulidwa. Inu ntchito muli nayo kale. Nanga iye ali ndi chiyani?"

Ndinafuna kuwayankha kuti nanenso ndine munthu, ndili ndi chimene ndikufuna, ndipo zaka sizikundidikira. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinawauza kuti Lolemba mwanayo apite, sakandipeza m'kalasi ya bayoloje.

Kusiyiratu sindinafune, poti popanda bayoloje udokotala ndi maloto a chumba. Ndinakapempha mphunzitsi kuti nthawi ya phunziro limeneli ndizikhala panja, pansi pa windo lina limene galasi lake linasweka kalekale. Anadabwa, anayesa kundiuza kuti sayansi ilibe manyazi, koma ataona nkhope yanga anangovomera. Ndinapeza njerwa ziwiri n'kukhalapo, kope lili pabondo, mphepo yochokera kuphiri la Chongoni ikundilowa m'mafupa.

Tsoka lake, kuseri kwa kalasiyo kumadutsa njira ya kumsika. Amayi omwe aja a kusikelo ankadutsa pomwepo, madengu a kabichi ali pamutu. Wina anaima, n'kutula dengu, n'kufunsa mwachifundo chenicheni:

"Adokotala, akutulutsani? Mwalakwa chiyani?"

Ndinati ndikuwothera dzuwa. Kunali chifunga chokhachokha.

Ndili pamenepo ndinamva mphunzitsi akufunsa za mmene mwana amalandirira chakudya ndi mpweya ali m'mimba. Ndinayembekeza chete wa masiku onse. M'malo mwake kunamveka mawu a mtsikana, okweza, osanjenjemera, Chingerezi chake chosalala ngati akuwerenga nkhani pawailesi. Anafotokoza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, pang'onopang'ono, moti ndinatha kulemba zonse. Mphunzitsi anafunsa lina, mawu omwewo anayankha. Kenako mphunzitsi anabwerera m'mbuyo, ku mafunso a mtima ndi a impso amene ine ndinagwa nawo miyezi yapitayo. Onse anayankhidwa.

Ndinadzutsa mutu pang'ono n'kusuzumira pagalasi losweka. Anali mwana wa achemwali, ataimirira, manja ali kumbuyo. Mphunzitsi anali atagwira m'chiuno.

"Iwe, nanga nthawi yonseyi unali kuti?"

Yankho lake ine ndinalidziwa. Mwana woleredwa bwino sayankha funso limene amalume ake alephera pagulu. Miyezi yonse ija ankadzisandutsa mbuli kuti ine ndisachite manyazi, ine n'kumakauza amayi ake kuti ndi wa mutu wouma. Ndinabwerera panjerwa paja. Ndikanakonda akanandiseka ngati anzake aja, chifukwa kusekedwa ndinali nditakuzolowera.

Ataweruka, ndinachedwa dala kumasula njinga kuti ana onse apite. Iye sanapite. Anabwera kuseri kuja, n'kugwada pafumbi monga mwa masiku onse, maso ali pansi.

"Amalume, mumamva bwino kunoko? Kapena ndizikwezabe mawu?"

Ndinayang'ana tcheni cha njinga. Munthu amene ndinkafuna kukayeza odwala m'chipatala chachikulu ndinali kuphunzitsidwa kudzera pawindo ndi mwana amene ndinamukweza pa sikelo ndi manja angawa.

"Uzikweza," ndinatero. "Ndipo mawa nthawi ya kemisitiri ndi fizikisi ndikhalanso konkuno."