Chithunzi Chinathera pa Chipumi

Ku Kasanda intaneti ya pafoni inkabwera ngati madzi a pampopi wathu: kudontha pang'ono, kutsokomola, kenako zii. Ndinkaimirira pafupi ndi chimbudzi, mkono m'mwamba ngati wolumbira m'khoti, chifukwa ndi pokhapo pamene timizere ta netiweki tinkafika tiwiri. Anansi anazolowera kundiona choncho mpaka analeka ndi kuseka komwe.

Chondivutitsa chonsecho chinali chithunzi chimodzi. Mlongo wanga, mwamuna woyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anali ku Joni, ndipo mkazi wake anali atabereka mwana wamkazi. Kwathu mdzukulu woyamba amatchulidwa dzina ndi agogo ake aamuna. Atate anakana kwamtuwagalu.

"Siningapase zina mwana wamene sininamuone," anatero. "Ni thumba ya malasha iyo?"

Atate ndi mlongo wangayo anali atatha zaka osalankhulana. Mgodi umene ankagwirako ntchito utatsekedwa, atate anangokhala kudikira. Ankati ogula abwera, adzatsegulanso, ndipo Loweruka lililonse ankapukuta nsapato zawo za kumgodi. Mlongo wanga anadikira nawo mpaka anatopa. Ku kampani ya njanji nakonso atayamba kuchotsa anthu ntchito, anamanga kachikwama. Atate anamuuza kuti akatuluka pakhomopo asadzawaonetsenso nkhope. Iye anamvera, mwana wa atate ake weniweni. Amayi atamwalira analephera kubwera chifukwa cha mapepala, ndipo atate sanafune kumva chifukwacho. Kuyambira pamenepo waya wolumikiza amuna awiri ouma mitu ndinali ine, ndipo ndinali nditatopa nazo.

Mwana anatuluka m'chikuta akumutchabe bebi. Ubatizo unali pafupi.

"Sisi, manje bakamba chani ba tate?" mlongo wanga ankafunsa pafoni. "Ba Fada bafuna zina. Pikicha ninaika pa intaneti kudala, kalekale, baonetse chabe."

Kuwaonetsa chabe! Ndikatsegula, kagudumu kankazungulira, kuzungulira, mayunitsi n'kumatha, kenako tsamba n'kuyera mbee. Foni yangayo sinkasunga kanthu, netiweki ikadula unkayambiranso pachiyambi. Ndinakwera minibasi kupita ku Ngungu, kukasitolo ka makompyuta, ndinapeza magetsi azima. Ulendo wachiwiri makina osindikiza analibe inki. Ndinabwerera ndikutukwana chamumtima njira yonse.

Malo amodzi okha ndi amene netiweki inkagwirako bwino: pamwamba pa phiri lakuda la zotayidwa za mgodi, fumbi la mtovu lomwe tinkakalipira ana kuti asaseweremo. Atate anali asanapondeko dothi la mgodi chitsekedwere. Chifuwa chawonso chinkalira ngati chitseko chadzimbiri. Ndinawauza za phirilo. Mawa lake masana ndinawapeza atavala nsapato zija, akundidikira pakhomo.

Tinakwera pang'onopang'ono, kupuma, kukweranso. Mphepo inkatimwaza fumbi m'maso. Pamwamba anakhala pamwala, nsana atalozetsa kumgodi, ndipo ine ndinatsegula tsamba lija.

Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba, kamzere kamzere. Kunabwera khoma. Kunabwera katani wamaluwa, katani yemwe ndimadana naye mpaka lero, chifukwa anadya nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Kenako tsitsi, kenako chipumi chotakata. Chinaima pomwepo.

"Yembekezani pang'ono, atate, chibwera."

Sichinabwere. Anandilanda foni, n'kuvala magalasi, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Chipumi cha amai ako ichi," anatero chapansipansi. Ndipo anatchula dzina la amayi, kuti mwanayo akhale ameneyo.

Tsamba linayera ali chigwirire. Ndinaimbira mlongo wanga pomwepo, ndinapereka dzina ngati wamthenga, iye analira kumbali inayo, atate anayamba kutsika osandidikira.

Ubatizo utapita, inki inafika ku Ngungu. Pepala litatuluka m'makina, ndinaliyang'anitsitsa. Chipumi chija sichinali cha mwana. Chinali cha mlongo wanga, ataweramira khandalo. Mwanayo anali mmunsi mwenimweni, atakulungidwa m'bulangeti, mphuno yokha ikuoneka. Atate anali atatchula dzina mwana amene sanamuone, ndipo ndimawadziwa atate anga: akanatha kunena kuti dzinalo libwezedwe. Mu minibasi ndinaganiza zong'amba pepalalo. Koma ndinali nditatopa ndi kubisa zinthu pakati pa anthu awiriwa.

Ndinawapeza pakhonde. Ndinagwada, n'kuwapatsa.

"Atate, chija munaona paphiri sanali mwana."

Anayang'ana pepala, kenako ine, ngati ndanena zachibwana.

"Uganiza sininazibe? Mwana wa mu chikuta ankala na imvi?"

Ndinayang'anitsitsa. Zinalipo ndithu, timvi tiwiri titatu pamwamba pa chipumi. Atate anaikapo chala chachikulu, n'kumasisita pepala.

"Wakalamba mwana wanga," anatero. "Mutumire foni."

Ndinawatsogolera kuseri, pafupi ndi chimbudzi, n'kumuimbira. Foni inaitana, mlongo wanga anayankha, ndinawaikira atate foniyo pakhutu. Anakonza kukhosi.

"Halo. Iwe, ndine."

Ndinamva kaphokoso kaja kamene ndinkakadziwa kuposa belu la kutchalitchi, ndipo kagalasi kanayaka pafupi ndi tsaya lawo. Foni yadula. Iwo sanamve, makutu anawasiya kumgodi. Anapitiriza kulankhula, za maliro a amayi, za nsapato, za mawu aja amene ananena pakhomo. Ndinaima pambali pawo manja ali kumbuyo, ndipo ndinawasiya amalize.