Kholo la mayi a m'chipinda cha kumapeto

Kunyumba yosamalira okalamba ku Evington, kuno ku Mangalande, komwe ndinkagwira ntchito, m'chipinda cha kumapeto munkakhala mayi ena achizungu, ofooka miyendo koma apakamwa. Ine sukulu ndinalekezera fomu 2 ndipo mtima wanga ndi wapachala, moti tsiku loyamba lomwelo tinayambana chifukwa cha tiyi. Akuti ndinathira mkaka ngati ndikuyamwitsa mwana wa ng'ombe.

Pansi pa bedi ankasunga katoni ya nsapato yodzaza mapepala. Ankafufuza za kholo lawo la zaka mazana apitawo, bambo wolankhula Chifalansa amene Angelezi anamuthamangitsa kwawo ku Acadia, dera la ku Canada, n'kumukweza sitima yobwera kuno. Dzina lake ankalidziwa, koma osadziwa kuti anabadwa kwa yani. Maso awo anali akuchita mdima, ndipo adokotala anawauza mosabisa kuti zowerenga zatsala pang'ono kutha. Iwo ankafuna yankholo alione ndi maso awo.

Shifiti ikatha ndinkatsalira kuti ndiziwawerengera mabuku akale a tchalitchi pa tabuleti. Ine ndi Chifalansa n'kutali, ndinkangotchula chilembo chimodzichimodzi, iwo n'kumandiseka. Vuto linali lakuti amuna a dzina limenelo analipo angapo, ndipo m'mabuku a tchalitchi aliyense ankalilemba mmene wafunira. Tsiku lina zinandikwana. Ndinaponya tabuleti pabedi n'kuwafunsa ngati anthu akwawowo mayina anawathera.

"Nanga kwanu mumatani, poti wanzeru ndiwe?" anandifunsa.

Ndinawayankha mokalipa kuti kwathu ku Dedza sitivutika ndi amuna. Mwamuna ndi mkamwini, amabwera n'kupita. Mtundu timawerengera kwa amayi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Ndinkangofuna kuwatseka pakamwa basi. Koma iwo anandituma kuti ndivundukule katoni ija ndipeze kalata ina yakale, imene ankangoidumpha chifukwa inkanena za mlongo wake wa bamboyo.

Amuna aja tinawasiya n'kuyamba kulondola mlongoyo. Panapita milungu, tikukanganabe. Pamapeto pake tinapeza pepala la ukwati wake, pomwe wansembe analemba dzina la mayi ake ndi mudzi wawo. Mwa amuna onse aja, mmodzi yekha ndi amene anabadwa kwa mayi ameneyo.

Ndinati ndiwawerengere, anakana. Ndinakulitsa zilembo mpaka chimodzi chinadzaza theka la galasi, iwo n'kuyandikitsa nkhope, chala chikutsata pang'onopang'ono. Basi yanga ya ku Highfields inandisiya ndikuwagwirira tabuleti, mkono utachita dzanzi, koma dzinalo analiwerenga okha, kawiri konse.

"Ukawauze mayi ako kuti anabereka mwana wamwano," anatero akupukuta magalasi. "Koma mawa ubwere ndi cholembera chakuda kwambiri. Mayi wa kholo langayu timulembe pamwamba pa mayina onse a mtundu wathu."