Zaka Zinayi Zimene a Chilichonse Sanafune Kulemba pa Fomu

Dzina loti Chilichonse anawapatsa ndi anzawo. Akapita kokafuna ntchito, abwana n'kufunsa kuti, "Mumadziwa ntchito yanji?" yankho linali limodzi: "Chilichonse, bwana." Sankanama. Pofika zaka makumi anayi ndi zinayi anali atayendetsapo lole, atakandapo buledi kubekare, atadulapo nyama kubutchala, ndipo tsopano ankakonza mipope kuhotela. Anali munthu wamfupi, wamapewa aakulu, wokonda kusuzumira kuseri kwa makina. Chinthu chikamalira, mtima wawo sunkakhala pansi mpaka adziwe chikulirira chiyani.

Mng'ono wawo, amene anapita kunja kalekale, anawatumizira uthenga. Dziko limene ankakhalalo linkafuna amisiri okonza mafiriji ndi zipinda zozizira, ndipo viza inalipo. Pepala la umisiriwo a Chilichonse anali nalo, la kusukulu yophunzira Loweruka lokha. Koma fomu inkafunanso zaka zisanu za ntchito imeneyo mkati mwa zaka khumi zapitazi, makalata a mabwana ali pomwepo. Inkatinso munthu asakhale atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu. Iwo anali atatsala ndi miyezi isanu ndi itatu.

Anaitana mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, kalaliki wapakamwa pakuthwa. Anabwera Loweruka masana n'kuika laputopu patebulo lodyera. A Chilichonse anakoka sutikesi pansi pa bedi, n'kutulutsa envulopu yodzaza ndi makalata.

"Lemba zonse, mlamu," anatero. "Aone kuti kukubwera munthu, osati chidole."

Mlamuyo anatsegula kalata yoyamba n'kuwerenga mokweza. "'Munthuyu ndi wokhulupirika, sachedwa, samwa mowa pantchito.' Alamu, iyi ndi kalata yokafunsira mkazi. Firiji ili pati?"

"Tenga ya kubekare."

"'Ndi waulemu, satopa, tikumusowa.' Basi akuitanani kuti mukakhale mkulu wa mpingo."

Kenako anawerenga malangizo a fomu pang'onopang'ono. Eni fomuyo sankawerenga kuchuluka kwa ntchito. Sankasamalanso dzina la udindo. Ankafuna kudziwa chimene manja a munthu ankachita masiku ambiri a sabata, kuyambira mwezi wakuti mpaka mwezi wakuti. A Chilichonse anadabwa kwambiri. Moyo wawo wonse kudziwa ntchito zambiri n'kumene kunkawadyetsa. Kunali dziko lotani kumene munthu wa ntchito imodzi amaposa wa ntchito zinayi? Mpope ukaphulika kumeneko, wokonza firiji amangouyang'ana?

"Amaimbira foni wamipope," anatero mlamu.

"Madzi akutayika?"

"Mukawafunse mukafika."

Sabata yotsatira anazungulira mabwana akale kuti alembenso makalata. Mwini bekare, mayi wonenepa wa ufa m'tsitsi, anawapatsa mpando pakati pa matumba.

"Firiji unkakonza, inde. Koma kangati? Katatu pachaka. Masiku ena onsewo unali m'mtanda mpaka m'zigongono. Ndilembe bodza, mwana wanga?"

"Ayi, mayi. Ndimangofunsa."

Kuhotela faelo yawo inangoti wamipope. Mwini butchala yekha ndi amene analemba zogwira mtima: chipinda chozizira chinali m'manja mwa a Chilichonse kwa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri, kuthira gasi, kusintha mafani, kutsuka mapaipi. Za lole panalibe chifukwa chovutikira, zinali zakale kwambiri.

Loweruka lina mlamu anandandalika miyezi papepala, n'kuima ndi cholembera m'kamwa. Mkulu wake, akazi a Chilichonse, anali panja akuyanika zovala.

"Chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Sizikwana. Koma taimani, alamu. Musanapite kubutchala pali dzenje apa, zaka zinayi ndi miyezi inayi. Munali kundende?"

"Ndinali mlonda kuchipatala. Ukudziwa."

"Ndikudziwa zimene munatiuza. Munthu wosunga ngakhale kalata ya lole, ya kuchipatala yokha ikasowe? Munaba mabulangete?"

A Chilichonse anayang'ana pawindo. Akazi awo anali kumapeto kwa chingwe, mapegisi ali m'kamwa.

"Sindinali mlonda," anatero motsitsa mawu. "Ndinali kumochale."

Mlamu anaika cholembera pansi. Kenako anagwira pamimba.

"Kuchoka kumochale kupita kubutchala! Nyama tinkadya pano ija!"

"Tsitsa mawu, iwe. Ndinkasamba m'manja."

Anamufotokozera mwachidule. Achipatala anawalemba ntchito yolandira mitembo, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe ntchito ina. Makina oziziritsa anali okalamba, ndipo mmisiri ankabwera patapita masiku atatu. A Chilichonse anayamba kusuzumira kuseri. Patatha miyezi isanu ndi itatu mkulu wa pamalopo anawachotsa kumachira n'kuwapatsa makiyi a chipinda cha makina. Umisiri weniweni anauphunzirira kumeneko. Firiji ya butchala ikafa, umataya nyama. Ya kumochale ikafa, m'mawa kukubwera anthu odzaona nkhope ya mayi awo.

Kunyumba sananene chifukwa akazi awo ankagulitsa zophika pageti la sukulu. Nkhani ikanamveka, ogula akanathawa. Ankaopanso kuti mayiwo awaletsa kukhudza mbale, mwina ndi ana omwe.

"Ndiye musankhe," anatero mlamu. "Achemwali asayinanso fomuyi, ndipo mukuwadziwa, amawerenga mpaka tizilembo ta pansi. Mukalemba, adziwa. Mukapanda kulemba, viza iwalani."

Lolemba anapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kupita kuchipatala. Analowera geti lakumbuyo, kudutsa pochapira zovala, mpaka pachitseko chachitsulo chopanda chikwangwani. Mkulu wakale uja anali atapuma pantchito. Pampando pake panali mayi wamagalasi amene sankawadziwa.

"Faelo yanu ikuti wolandira mitembo," anatero mayiyo. "Ine ndilemba bwanji za makina? Sindinakuoneni."

"Mabuku a m'chipinda cha makina munataya?"

"Kuno sititaya buku, bambo. Timangosowa poliika."

Anawapeza m'katoni pamwamba pa kabati, fumbi lokhalokha. Mayiyo anatsegula limodzi. Tsiku lililonse panali mizere iwiri, m'mawa ndi madzulo: kuzizira kwa kabati iliyonse, chimene chawonongeka, chimene chakonzedwa, ndi siginecha yokhota ya a Chilichonse. Tsamba lina linati, kompuresa yachiwiri yapsa, ndasamutsira anthu asanu ndi mmodzi m'kabati yoyamba, ndamanga ina pofika 4 koloko. Mayiyo anawerenga masamba ambiri kuposa amene ankafunikira.

"Bwanji munkalemba kuti anthu? Ena amalemba mitembo."

"Anali asanaikidwe, mayi."

Kalata inatuluka Lachitatu, ya masamba awiri, ndi chidindo. Munalibe mawu oti waulemu kapena wokhulupirika. A Chilichonse anaiwerenga kawiri ali pabenchi, akudabwa kuti ntchito yawo inali yochuluka chonchi.

Anaipereka kwa akazi awo atangoweruka, ana asanabwere kuchokera kosewera. Mayiwo ankasenda anyezi. Anapukuta manja, n'kuwerenga masamba onse awiri osadumpha mzere.

"Munkawasambitsanso?"

"Miyezi yoyamba."

"Ndi manja omwewa?"

"Ndilibe ena, mayi a ana."

Mayiwo anaika kalata pansi. A Chilichonse ankadikira kulira kapena kutukwanidwa.

"Zaka zinayi," anatero mayiwo, "ine ndikukusokerani jekete lokhuthala kuti mlonda wanga asazizidwe pageti."

"Linathandiza. Mkatimo mumazizira kuposa pageti."

"Musandiseketse, ndakwiya. Munandiyesa mwana. Bizinesi inali yanga, mukanandisiya ndiganize ndekha." Anatenganso mpeni, koma sanasende. "Nanga omwalirawo amakhala bwanji mmenemo? Amagona mmodzimmodzi, kapena mothithikana?"

Anawauza. Mayiwo anafunsa za kuzizira, za mayina omangidwa kuchala, za tsiku limene magetsi anazima maola khumi ndi awiri. Anyezi anathera pomwepo, chakudya chinachedwa. Kwa masiku atatu ankawayankha mawu amodziamodzi, kupatula akakumbukira funso lina. Tsiku lachinayi anasayina fomu.

Yankho la oyesa umisiri, amene ankayenera kuvomereza zaka za ntchitozo viza isanapemphedwe, linabwera patapita masabata khumi ndi limodzi. Mlamu anathamanga nalo kuhotela nthawi yopuma masana, n'kuwapeza a Chilichonse atagona chagada pansi pa sinki ya kukhitchini.

"Tulukani, alamu, mumve mlandu wanu. Lole, palibe. Bekare, palibe. Hotela, palibe. Miyezi isanu ndi itatu yoyamba ya kumochale, achotsa. Zotsala, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu, awerenga. Butchala awerenga yonse."

"Zonse pamodzi?"

"Zisanu ndi miyezi itatu. Mwakwana."

A Chilichonse anadzuka n'kupukuta manja pa ovolosi. Anatenga foniyo n'kuyang'ana okha, chala chikutsata mizere.

"Bekare yonse ija, ngakhale sabata imodzi osawerenga? Buledi sadya kumeneko?"

"Alamu, mwatsala ndi miyezi yochepa kuti mukhale nkhalamba pa fomu iyi. Nditumize pempho la viza lero, kapena tiyambe takambirana za buledi?"

"Tumiza," anatero, n'kubwerera pansi pa sinki. Mpopewo unali ukudonthabe.