Paini wa Marlys

Pa 9 Meyi 2019, Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti nyengo yowedza nsomba za walleye itsegulidwe, a Brent Kessler anagwetsa mtengo wa paini umene unali pamalo pawo, kutsidya kwa nyanja ya Pelto. Anabwera ndi amuna atatu ndi macheka a injini. Pofika masana, mtengo umene unaima pamenepo zaka zoposa zana unali zidutswa. Mawa lake anabweretsa makina operera chitsa, nadzalapo kapinga. Ati mtengowo unkawatchingira dzuwa pakhonde.

A Eino Rautio anazionera ali pa doko lawo la matabwa, khofi akuzizira m'kapu. Analowa m'kanyumba kawo, natenga kope la chikuto chobiriwira, nalemba tsiku ndi ola. M'kopemo muli zambiri: amene anabwereka nangula mu 1988 osabweza, amene anathamangitsa boti pafupi ndi chisa cha mbalame. Koma tsikulo cholembera chinaboola pepala.

A Rautio anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zinayi m'tauni ya migodi ya chitsulo kumpoto kwa Minnesota. Kanyumba ka kunyanjako anamanga ndi bambo awo, munthu wa mumgodi, ndi matabwa otola. Sukulu ikatsekera, a Rautio ndi akazi awo, a Marlys, ankasamukira kumeneko mpaka masamba atayamba kufiira.

M'chilimwe cha 1974 nangula wawo anakodwa pakati panyanja, pamalo pamene aliyense ankati pansi pake ndi matope okhaokha. Panali mulu wa miyala, kukula kwake ngati khitchini. Asanamasule nangulayo anali atakola walleye asanu ndi mmodzi, onenepa, maso ali mbuu ngati mikanda yagalasi. Vuto linali kudzapapezanso, pakuti pamadzi sulembapo chizindikiro.

"Mizere iwiri ikadutsana, imakumana pamalo amodzi okha," anatero a Rautio.

"Aphunzitsi, sukulu munatsekera. Lankhulani zoti munthu amve," anatero a Marlys.

"Ine ndiyang'ana kumbuyo kuno. Chumuni ya kanyumba kathu ilunjike pa mwala woyera wa pachilumba. Inu yang'anani kwanuko, mupeze zinthu zanu ziwiri."

"Ndapeza kale."

"Ndi chiyani?"

"Inu samalani chumuni yanu."

Ndi mmene zinakhalira kwa zaka makumi anayi ndi zitatu. A Rautio ankakhala kumbuyo, dzanja pa injini, kutsata mzere wawo pang'onopang'ono. A Marlys ankakhala kutsogolo, chipewa cha amuna awo kumutu, maso kumtunda. Kenaka ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Apa." Injini inkazima, nangula n'kutsika, n'kumveka kugunda pa mwala. Sanaphonyepo.

A Duane, ogulitsa misundu ndi nyongolotsi za nyambo, anayesetsa kuwafufuza. "Mayi, mungondinong'oneza ineyo, mkuluyu sadziwa." A Marlys ankayankha kuti, "Pali ponyowa, a Duane. Mukapeza ponyowa, ponyani mbedza."

Chimodzi chokha ankakangana. A Marlys ankakonda bass, nsomba imene amuna awo ankainyoza kuti ndi ya ana asukulu, imameza chilichonse.

"Koma imalimbana," ankatero mayiwo. "Walleye wanuyo amabwera ngati sokosi yonyowa."

"Sokosi imeneyo madzulo ano mudya ziwiri."

"Zitatu. Mukazinge bwino."

A Marlys anaulula mzere wawo mu Okutobala 2017, ali m'chipatala, mawu atachepa. "Paini wamtali uja wa nsonga yokhota aphimbe mtanda wa tchalitchi cha kuseri kwa phiri. Musawauze a Duane." Anamwalira sabata yotsatira.

Chilimwe chimodzi chokha a Rautio anagwira mizere yonse iwiri okha, akupotoza khosi uku ndi uku. Paini akaphimba mtanda, ankazimitsa injini n'kudzinenera okha, "Apa." Sankaponya mbedza msanga. Ankayamba akhala kaye, kuyang'ana thabwa lakutsogolo, lokhalapo a Marlys, limene utoto wake unafufutika pakati.

Loweruka la pa 11 Meyi anapita monga mwa masiku onse. Chumuni inalunjika pa mwala woyera. Mtanda wa tchalitchi unkaoneka bwinobwino, ngakhale kuposa kale, koma kutsogolo kwake kunalibe kanthu. Mzere umodzi sumuuza munthu poima. Wawowo ndi wautali mamailosi awiri. Anatsitsa nangula kakhumi ndi kamodzi, ndipo nthawi zonse ankatuluka ndi matope. Pobwerera, pafupi ndi bango, anakola bass imodzi. Inalimbana ndithu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, naibwezera m'madzi.

Mawa lake anawoloka kukaonana ndi a Kessler. Munthuyo si woipa mtima, ndipo zimenezo n'zimene zimapweteka kwambiri. Ndi wa ku Minneapolis, wamano oyera, wamoni wambiri.

"Pepani kwambiri, bambo Rautio, sindinadziwe. Koma musadandaule. Boti langa lili ndi makina oona pansi pa madzi. Tipite limodzi, mphindi khumi miyalayo taipeza, ndidina batani, basi. Mpaka kalekale."

"Miyala sinasowe, a Kessler. Ili pomwe inali."

"Nanga chasowa n'chiyani?"

A Rautio anayang'ana kapinga watsopanoyo. Akanamuuza bwanji mlendo kuti safuna kabokosi kolira kuti kaziwauza poima? Anangoti, "Ndiloleni ndiimike mlongoti woyera pamene panali chitsa. Wautali ngati mtengowo. Zonse ndichita ndekha. Mukafuna mupachikepo mbendera."

"Ndifunse kaye mayi akunyumba. Mwinanso a komiti ya nyanja ali ndi malamulo awo. Kodi utakhala chakumpanda uko sizingatheke?"

"Mukausuntha phazi limodzi pano, pamadzi paja mwandisuntha mapazi angapo. Mukafika nawo kumpanda, mwandiponya m'matope. Zimenezi ndinkaphunzitsa ana a zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankamva."

A Kessler anaseka, nawapatsa botolo la mowa wozizira. A Rautio analisiya pa tebulo osatsegula.

Kuyambira pamenepo awalembera a Kessler makalata atatu: mu Juni, mu Julayi, ndi mu Ogasiti. Yachiwiri anajambulamo mizere ndi rula. A komiti anati nkhaniyo si yawo, ndi ya mwini malo. Mwini malo akakumana nawo kwa a Duane amakweza dzanja, "Sindinaiwale, bambo Rautio," n'kukwera galimoto. A Duane nawo, amene anadikira chinsinsicho zaka zonsezi, tsopano amangowapimira misundu osafunsa kanthu.

Lero ndi Seputembala. Anthu ayamba kukokera madoko awo a matabwa kumtunda ndi kukhomera mawindo matabwa. Kapinga uja wamera mofanana, moti poti panali chitsa payamba kusadziwika, ndipo chipale chofewa chikagwa n'kusungunuka, ngakhale a Kessler sadzapaloza. A Rautio ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Mwana wawo wamkazi wawapezera chipinda mumzinda wa Duluth, ndipo wavomera kuwasiyira Meyi mmodzi yekha kunyanjako asanasamuke. M'mawa uliwonse amatsatabe mzere wa chumuni, pang'onopang'ono, kuchokera kuno mpaka kutsidya. Akudziwa kuti penapake pa ulendowo amadutsa pamwamba penipeni pa miyala ija, ndipo palibe wokweza dzanja.

A Rautio sakupempha mtengo, pakuti wogwa sadzuka. Sakupempha chipepeso, analandira kale ndipo sichinawathandize. Funso ndi limodzi, a Kessler, ndipo lili pa tebulo panu kuyambira Meyi: mlongoti uime pamene panali paini, kapena usaime? Yankhani nthaka isanaume ndi chisanu.