Botolo la Apongozi Anga

Ndinakwatiwa ku Mzimba ndili mtsikana wa ku Dedza wosachedwa kuyankha. Kwathu apongozi timawalemekeza ndithu, koma zimene ndinakapeza kumudzi kwa amuna anga, kufupi ndi Champhira, zinali zina. Apongozi aamuna suwayang'ana kumaso, sukhala nawo pamphasa imodzi, suwapatsira chinthu m'manja. Ukakumana nawo panjira umapatuka n'kugwada, kaya pali chisoso kaya pali matope. Ine mphunzitsi wa sitandade faifi, wokalipira ana tsiku lonse, ndikafika pakhomo ndinkangoti zii. Poyamba zinkandinyansa, sindibisa.

Apongozi angawo anakalambira m'nkhalango ya paini ku Chikangawa. Ntchito yawo inali yotchinga moto: mvula ikatha ankatentha udzu m'mizere kuti moto wolusa ukadzabwera usowe podutsa. Akazi awo anali atamwalira, ana aakazi anakwatiwa kutali, ndipo amuna anga, matipate itangolowa, anatsatira anzawo ku Joni. Pakhomo tinatsala awiri, anthu osaloledwa kucheza. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mtengo wa pichesi umene unali pabwalo: "Mchere watha m'nyumba muno." Ine ndinkayankha khoma la khitchini.

Chaka china nthawi yokolola anadzitema ndi nkhwangwa pamwendo. Anamangapo kansalu n'kupitiriza ntchito. Patatha sabata mwendo unatupa, thupi linatentha, anagona. Ndinkawagulira mapiritsi a ululu kugolosale, iwo n'kumamwa awiriawiri. Poti sankatha kufika kuchimbudzi, ndinawaikira chitini pafupi ndi khomo. M'mawa ndinkakachitaya iwo atayang'ana kukhoma, tonse tikuchita ngati chitinicho kulibe.

Tsiku lina ndinachipeza chouma. Mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachitatu nkhope yawo inatupa, anayamba kusanza. Ndinaona, ndinadziwa kuti si zabwino, koma ndikanayambira pati? Mkamwana, mkazi wa mwana wawo, kufunsa apongozi ake za mkodzo! Ngakhale mtengo wa pichesi sindikanaufunsa zimenezo. Ndinakhala chete masiku atatu, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu, matola anatifikitsa kuchipatala cha pa boma. Dokotala, bambo wa ku Zomba wolankhula mofatsa, atatha kuona mwendowo anafunsa, "Anakodza liti komaliza?" Apongozi anayang'ana kudenga, ine pansi. Anafunsanso. Ndinayankha ndikuyang'ana nsapato zake, "Lachiwiri." Tsikulo linali Lachisanu.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anatifotokozera kuti chilondacho chalowetsa tizilombo m'magazi. Anati m'thupi monse, ngakhale mu impso momwe, muli tialonda timene tikangozindikira tizilombo timaimba belu kuitana asilikali a m'magazi. Asilikaliwo amabwera ndi ukali, n'chifukwa chake pamalopo pamatupa n'kutentha. Koma belu likalira osaleka amamenya ndi mnofu wabwinobwino womwe, timitsempha ta mu impso timatupa, impsozo zimaleka kusefa. Mapiritsi anga aja anangowonjezera vuto.

Apongozi, amene ndinkayesa kuti sakumva, anatsegula maso. "Mbwenu ndi moto wotchingira moto, wathawa mzere," anatero. "Ukathawa umauthamangira usanalowe pakati pa paini."

"Ndendende, adada. Ndiye tikuthamanga," anayankha dokotala. Anati impso zotere zimatha kudzukanso tizilombo tikagonja, ndipo chizindikiro chake ndi mkodzo basi. Ukapanda kubwera m'masiku ochepa padzafunika makina osefa magazi a ku Lilongwe, ndipo sanandibisire kuti mwina sangakafike. Anawaika dilipi, anawabaya jakisoni, anatsuka chilonda. Kenaka anandipatsa botolo la pulasitiki lodulidwa kukamwa. "Gadiyani ndinu. Dontho lililonse muziliyeza, muzindionetsa."

Ndinati mwambo wathu sulola. Anandifunsa ngati apongozi ali ndi munthu wina wowasamalira. Panalibe.

Masiku awiri botolo lija linakhala pansi pa bedi lili louma gwa. Ine ndinkakhala pasimenti kumiyendo kwawo, nditawafulatira, ndikupemphera pemphero limene sindingalibwereze m'tchalitchi, lopempha Mulungu mkodzo. Ndinkaganiza za kalata yopita ku Joni, mmene ndidzalembere kuti bambo anu anapita chifukwa ine ndinali waulemu. M'mawa wa tsiku lachitatu, anthu akupita kukalandira phala, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Mkamwana. Ndapota, zani kuno."

M'wodimo munalibe mtengo wa pichesi. Ankaitana ineyo. Nditatembenuka ndinaona atanyamula botolo ndi manja awiri, pansi pake pali timkodzo tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, tosakwana zala ziwiri. Anandipatsa m'manja. Ndinawayang'ana kumaso koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi, n'kuona kuti ali ndi kachipsera pansidze kamene sindinkakadziwa. Ndinalemba mzere pabotolopo ndi bolopeni yanga yofiira yochongera ana, ndinathamanga nalo kwa dokotala misozi ili chuchuchu, anthu m'khonde akundipatukira.

Tsiku ndi tsiku mzere wofiira unkakwera. Apongozi ankafunsa, "Lero takhoza, aphunzitsi?" Ine ndinkati akhoza koma asadzitame, mayeso sanathe. Ankaseka mpaka kutsokomola. Masabata awiri amenewo tinacheza ngati bambo ndi mwana wake. Anandiuza za nkhungu ya ku Chikangawa imene imabisa munthu ali pafupi pomwepa, za utomoni wa paini wosachoka m'manja, za mmene anawaonera koyamba malemu akazi awo akugulitsa bowa pamsewu. Wodi ija inkanunkha mankhwala, simenti yake inkazizira, koma palibe masiku a ukwati wanga amene ndimawasowa kuposa amenewo.

Titabwerera kumudzi, mwambo unatidikira pakanjira kolowera pakhomo. Palibe anauza mnzake. Ine ndinayambanso kugwada chapatali, iwo anayambanso kulankhula ndi mtengo. Koma m'mawa uliwonse ankatuluka, kupita kuseri, kubwerako, n'kuima pansi pa pichesi uja n'kunena mokweza, "Madzi akuyenda." Ine ndinkayankha khoma la khitchini, "Yewo chomene." Alendo ankayesa tikunena za kumjigo.

Anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanaphonye m'mawa ngakhale umodzi. Pichesi uja anasiya kalekale kubereka. Amuna anga, amene anabwerako ku Joni ndi imvi, amati tiudule tipeze nkhuni. Ndinawauza kuti akadule wina.